Dzina la Mlendo Wawo

Nyumba za mumsewu wathu ku Clondalkin, mu Dublin muno, n'zofanana zonse: ziwiriziwiri zogundana khoma, zitseko zoyera, kakapinga kutsogolo. Ndinalowa m'nyumba yanga nditangotuluka ku senta ya anthu opempha malo okhala m'dziko muno, komwe ndinakhala zaka zingapo m'chipinda chimodzi ndi mwana wanga wamkazi. Tsiku losamukalo kunali kamvula kowaza. Bambo wina wa m'nyumba yogundana ndi yathu anatuluka osaitanidwa, nasenza matiresi paphewa n'kukwera nawo masitepe. Potsika anaima m'khitchini, nayang'ana matailosi osweka apansi, napukusa mutu. Loweruka lake anabwera ndi ndowa ndi zida zawo n'kukonza ponse. Ntchito yawo inali imeneyo, kuika matailosi m'nyumba za anthu.

Anali aatali, oonda, a imvi m'mbalimu, osalankhulalankhula. Akazi awo ndiwo anali a nkhani. Iwo ankakolopa m'maofesi ku Citywest, ine ndinkasamalira okalamba ku Tallaght, ndipo masana tikaweruka tinkakumana kuseri poyanika zovala, aliyense mbali yake ya kampanda kolekeza m'chiuno. Chingerezi chathu tonse chinali chotola m'njira, choncho tinkamvana bwino. Pa kampandako pankadutsa mbale: iwo chitumbuwa chawo chopyapyala cha sipinachi ndi tchizi, ine mandasi. Kunyumba kwathu tinkangowatchula kuti aneba aamuna ndi aneba aakazi.

Aneba aakaziwo ndi amene anandiphunzitsa za mtundu wawo. Ine ndinkangodziwa kuti kuli dziko lotchedwa Albania, basi. Iwo anandiuza kuti anthu olankhula Chialubaniya ali mbali zonse ziwiri za mapiri, ena ku Albania, ena ku Kosovo, ndipo kuti kale ku Dublin kuno munthu wa kwawo ankasowa. Chinawabweretsa ndi nkhondo ya ku Kosovo ija, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Asilikali ankathamangitsa anthu m'midzi, ndipo pamalire ankawalanda ziphaso zonse, ngakhale manambala a galimoto, kuti asadzakhale ndi umboni woti kwawo n'kumeneko. Ena mwa othawawo boma la kuno linawatenga pa ndege kuchokera m'makampu n'kukawasunga m'matauni aang'ono, kutali ndi Dublin. Nkhondo itatha ambiri anabwerera. Otsalawo, pamodzi ndi ena amene anabwera okha m'malole atabisala pakati pa katundu, ndiwo anayambitsa mudzi wawo wa kuno: omanga nyumba, otsuka galimoto, ophika m'malesitilanti. Ana awo lero ndi manesi ndi maloya, ndipo ukawafunsa m'Chialubaniya amayankha m'Chingerezi, ndendende mmene wanga uja amachitira ndikamufunsa m'Chichewa.

"Nanga inu munabwera pa ndege?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ife ndi a m'lole," anatero akuseka. "Ine kwathu ndi ku Albania, m'tauni ya pamalire. Othawa ankatsika phiri usana wonse, ena pa mathirakitala, ena wapansi. Nyumba iliyonse inalandira anthu. Bambowa ndinawapeza mwa anthu amenewo."

Sindinafunse zambiri. Ife a kuno tili ndi ulemu wathu: munthu sumufunsa zimene ananena ku intavyu ya mapepala. Ndikudziwa anthu amene timapemphera nawo, olankhula Chichewa cha ku Ntcheu chenicheni, amene ku ofesi ndi a dziko lina. Timadya nawo, timavina nawo pa ukwati, nkhaniyo timailambalala.

Chinthu chimodzi ndinachiona msanga koma sindinachiike kumtima. Aneba aamuna ukawaitana ndi dzina lawo sankatembenuka pomwepo. Ankayamba aima kaye, ngati akudikira kuti wina ayankhe, kenako n'kucheuka. Ndinkati ndi makutu, poti makina odulira matailosi amasokosa. Akazi awo sindinawamvepo akuwatchula dzina. Ankawaitana ndi liwu limene anandiuza kuti limangotanthauza kuti mwamuna, ndipo ine, wochokera kumene mkazi satchula dzina la mwamuna wake, sindinadabwe.

Chaka chilichonse mu Novembala anthuwa amachita phwando la mbendera yawo, yofiira, ya chiombankhanga cha mitu iwiri. Chaka china anandiitana. Linachitikira m'holo ya hotelo, anthu ali thithithi, ana atavala tizipewa toyera ndi malaya opetapeta, akuvina mozungulira atagwirana manja. Pakati pa phwandolo mnyamata wina wa ku yunivesite anatenga maikolofoni. Mwana wamwamuna wa aneba, yemwe ndinakhala naye tebulo limodzi, ankandimasulira. Achinyamata ankafuna kusonkhanitsa mbiri ya gulu lawo, amene anayamba kufika ndi kumene anachokera, kuti aiike pa intaneti ana asadzaiwale. Anayamba kuitana akuluakulu mmodzimmodzi, dzina ndi mudzi. Atafika pa aneba, holo yonse inawomba m'manja, chifukwa mudzi umene unatchulidwawo aliyense ankadziwa zimene zinachitikako. Iwo ananyamuka pang'ono pampando, nagwira pachifuwa, nakhalanso pansi. Anawabweretsera maikolofoni koma anakana ndi dzanja.

"Adadi salankhula za nkhondo," anandinong'oneza mwana wawoyo. "Ngakhale ife sanatiuzepo. Kumudziko sanatitengereko, amati kulibe chotsala."

Miyezi ya chisanu itatha, masiku atayamba kutalika, tsiku lina masana ndinamva kugogoda. Ndinali nditangoweruka, ndisanavule n'komwe yunifolomu. Pakhomo panaima mayi wachitsikana, chikwama cha paulendo chili m'manja, kapepala ka ku bwalo la ndege kakulendewera pa chogwirira. Atandiona nkhope yake inagwa. Anatchula dzina lonse la aneba aamuna, mwa katchulidwe kofewa kamene ndinali ndisanakamvepo.

"Mwasemphana ndi khomo," ndinatero. "Ndi la pambalili. Ndinu achibale?"

"Ndi bambo anga," anatero. "Ndikuganiza kuti ndi bambo anga."

Anatulutsa foni nandionetsa chithunzi chakale: mwamuna wamfupi, wojintcha, wa masharubu, atanyamula kamtsikana paphewa. Sanali aneba. Zaka zingachuluke bwanji, munthu wamfupi sasanduka wamtali. Ndinapitiriza kuyang'ana chithunzicho.

"Ndinali mwana pamene anasowa," anatero. "Dzina lawo ndaliona pa intaneti, pamodzi ndi mudzi wathu. M'mudzi mwathu munalibe wina wa dzina limenelo. Sindinauze aliyense, ndangokwera ndege n'kufunsa anthu akwathu m'tauni kumene amakhala. Mwina anavulala m'mutu. Mwina anayamba banja lina n'kuchita manyazi. Zonsezo ndavomera kale."

Ndinavala masilipasi n'kumuperekeza khomo linalo.

Anatsegula ndi aneba aakazi, manja ali ufa wokhawokha. Awiriwo anayang'anizana. Ine ndinkayembekezera kuti afunsana kuti ndinu ndani, koma mtsikanayo anatchula liwu limodzi lokha, mwa mawu a mwana wamng'ono, ndipo aneba anagwirira chitseko ngati pansi pakuterera. Pambuyo pake ndinamva kuti liwulo ndi loti azakhali. Kumbuyo kwawo kunatulukira aneba aamuna atavala buluku la kuntchito, loyera fumbi m'mawondo. Mtsikanayo anawayang'ana, kenako anasuzumira kumbuyo kwawo, m'khitchini, pa masitepe. Ankafunafuna munthu wachitatu.

Ndinabwerera kwathu. Makoma a nyumba zimenezi ndi opyapyala, umamva mnzako akutsokomola. Masana onsewo sindinamve kukalipa kulikonse. Ndinkangomva mawu a aneba aamuna, otsika, osalekeza, munthu amene zaka zonsezo ndinali ndisanamumvepo akulankhula nthawi yaitali.

Kusanade, mtsikanayo anagogodanso kwathu. Anapempha madzi akumwa, ndi kuti akhale pang'ono pamalo pamene palibe womudziwa. Ndinamupatsa mpando m'khitchini n'kumuthirira tiyi. Sanalire. Anafotokoza akuyang'ana pansi.

Banja lawo linathawa pa thirakitala ya mnansi wawo. Panjira asilikali anatsitsa mchimwene wake wamkulu pamodzi ndi anyamata ena, ndipo malire anawoloka atatu, iye, mayi ake ndi bambo ake. Atafika m'tauni ya pamalire, mwamuna wina wamtali anawapeza atakhala pabwalo la sukulu mvula ikugwa, nawatengera kunyumba kwake. Iye ndi mkazi wake analibe ana nthawi imeneyo. Anapereka bedi lawo kwa alendowo, eni ake n'kumagona pansi.

"Azakhali aja ankandisambitsa," anatero. "Ankandichotsa nsabwe m'mutu. Bambo anga ndi amuna awo ankakhala panja tsiku lonse akusuta fodya, bambo anga akusimba za mudzi wathu, za munda wathu wa mphesa, za mmene asilikali anafikira, nyumba iti inayamba kupsa. Ankabwereza zomwezomwezo. Mwini nyumbayo ankangomvetsera."

M'mawa wina bambo akewo anabwerera kuphiri kukafuna mwana wawo wamwamuna. Sanabwerenso. Mafupa a mnyamatayo anapezeka patapita zaka, koma a bambowo ayi. Nkhondo itatha, iye ndi mayi ake anabwerera kumudzi, kenako anapita ku Germany, komwe mayiwo anamwalira akudikirabe. Uko m'tauni ya pamalire kunalibe ntchito, kunalibe kanthu, ndipo mwini nyumba uja anakwera lole. Atafika kuno anzake anamuuza kuti a ku Albania amawabweza, a ku Kosovo amawalandira, ndipo palibe angakufunse chiphaso poti aliyense ankadziwa kuti zinalandidwa pamalire. Iye anali ndi nkhani yathunthu m'mutu, ya mudzi weniweni, njira zake ndi mitengo yake. Anaipereka pamodzi ndi dzina la mwini wake.

"Akuti ankaganiza kuti ndi za miyezi yochepa chabe," anatero mtsikanayo. "Akuti m'mawa uliwonse akamameta ndevu amaganiza za bambo anga. Ine ndinene chiyani? Anatipatsa bedi lawo."

"Mukawanenera ku boma?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Kenako anati, "Pali chimodzi chimene andiuza chimene sindinkachidziwa. Amayi ankauza ofufuza za anthu osowa kuti bambo anavala chikhoti cha buluu, chimene anathawa nacho. Zaka zonsezi akhala akufuna munthu wa chikhoti cha buluu. Koma bambo anachoka ife tili mtulo. Amene anawaperekeza kumsewu ndi aneba anuwa, ndipo poti chikhoticho chinali chopepuka ndipo kuphiri kunali chisanu, anawaveka jekete lawo lachikopa, la bulauni. Chikhoti chija anapatsa nkhalamba ina imene inagona m'mbali mwa msewu. Palibe anaganiza zokamba za zovala nthawi imeneyo, tonse tinkati abwera mawa. Thumba lakumanzere la jeketelo linang'ambika, ndipo azakhali analisoka ndi ulusi wakuda."

Anandifotokozera kuti magazi ake oti ofufuza aziyerekeza ndi mafupa opezeka anapereka kalekale, koma si mafupa onse amene amayesedwa n'kutheka, ena anapsa. Zovala zimene anthu anapezeka nazo zimasungidwa pazokha m'matumba a manambala, ndipo zinajambulidwa kuti abale azizizindikira.

Anakagona ku hotelo m'tauni. Asanabwerere kwawo anafikanso kwa aneba, ndipo ndinamva kuti chakudya chimene anamuphikira anadya.

Panapita masiku ndisanawaone aneba aakazi kuseri. Atatuluka anabwera opanda zovala zoyanika, nangoima pa kampanda.

"Ndinakunamizani," anatero.

"Simunali ndi udindo wondiuza ine," ndinayankha.

"Ine ndinabwera pambuyo pawo, nanenso m'lole. Tinachita ngati takumana kumene. Tinakakwatirananso ku ofesi m'tauni muno, ine ndi mwamuna wanga yemwe. Mmene ndinkasaina dzina lija ndinaona nkhope ya mayi uja, mayi ake a mwanayu, tikusenda naye mbatata m'khitchini mwanga. Ndinakhala mkazi wachiwiri wa mwamuna wake iye osadziwa." Anachotsa kapegi pa chingwe, nakabwezeranso. "Mukufuna kudziwa dzina lawo lenileni?"

Ndinati ayi, eni ake akadzafuna adzandiuza okha. Mpaka lero sanandiuze.

Mwana wawo wamwamuna atamva, ndinamuona akutuluka m'nyumbamo akufunsa mokweza m'Chingerezi kuti nanga iye mwini ndi ndani. Mkazi wake anali woyembekezera. Khandalo litabadwa analilembetsa dzina la banja lomwe lija, poti lina analibe. Panatenga nthawi kuti abwere nalo kwa agogo ake. Pakati pa anthu akwawo nkhani inayenda mwakachetechete. Ena anasiya kupereka moni. Ena, anandiuza aneba aakazi, ankabwera madzulo, n'kumwa khofi, osanena kanthu, n'kumapita, ndipo iwo ankadziwa chifukwa chake anthu amenewo sankanena kanthu. Novembala wotsatira aneba sanapite kuphwando.

Ine ndinayamba kumuona munthu wamfupi wa masharubu uja. Osati ndi maso ayi. Koma mnyamata wobweretsa katundu akaima pageti n'kuitana dzina lija, kapena munthu wofuna matailosi akalifunsa mumsewu, amene ankabwera m'mutu mwanga ndi iyeyo, akukwera phiri m'mawa atavala jekete lomukulira manja. Kuntchito ndimavula ndi kuveka anthu tsiku lililonse. Ndinadzipeza ndikuyang'ana matumba a majekete a nkhalamba zanga, ndikusisita posokedwa.

Kenako zithunzi zinayamba kubwera pa foni. Mtsikana uja anapita kwa osunga zovala zija, ndipo jekete lililonse la bulauni limene ankamuonetsa ankalitumiza kuno. Sindinkadziwa kuti amuna ochuluka chotero anafa atavala majekete a bulauni. Ndinkawaona aneba aamuna atakhala m'vani yawo pakhomo, injini yozima, magalasi ali pamphuno, akukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Nthawi zina ndinkapita ku shopu n'kubwera iwo ali momwemo. Yankho linkakhala loti ayi, si limenelo.

Loweruka lina aneba aakazi sanandiitanire pa kampanda, anabwera kukhomo la kutsogolo. Anakhala pansi n'kuika foni patebulo. Pachithunzi panali jekete loyalidwa pa pepala loyera, louma ndi dothi, dzanja limodzi kulibe, kanambala kali pambali. Thumba lakumanzere linali losokedwa.

"Maso anu amaona bwino kuposa anga," anatero. "Ulusiwu ndi wakuda, kapena ndi matope?"

Ndinakulitsa chithunzicho mpaka chinayamba kuchita chimbuuzi. Sindinathe kusiyanitsa.

"Abambo akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ndi lomweli. Koma iwo akufuna kuti likhale lomweli, n'chifukwa chake sindikuwakhulupirira. Mwana uja ndikamuuza kuti inde, aitana abale, agula bokosi. Ndikalakwitsa, aika munthu wa eni pambali pa mchimwene wake."

Anatulutsa m'thumba la juzi kachikwama kakale kachikopa, sizasi, singano yaikulu ndi ulusi wakuda. Anacheka kachikwamako, nati akufuna aone mmene dzanja lawo limasokera akapanda kuliganizira. Ndinawalowetsera ulusi pa singano. Anasoka mofulumira, maso ali pawindo, osayang'ana pa foni. Atamaliza tinaika chikopacho pambali pa chithunzi. Ulusi wawo unapendekera kumanja, wothithikana. Wa pachithunzi unapendekeranso kumanja, koma unali wotalikirana.

"Nthawi imeneyo ndinali mtsikana, ndinkasoka mothamanga," anatero. Anayang'ananso. "Komanso mkazi aliyense kwathu amasoka chonchi. Amayi athu anatiphunzitsa mofanana."

Anatenga foni, nalemba mawu ochepa, nawafufuta, nalembanso. Ndinawafunsa kuti alemba chiyani.

"Ndalemba kuti sindikudziwa."

Anatumiza. Pomwepo panaoneka kuti uthengawo wawerengedwa, ngati mtsikanayo anali atagwira foni m'manja nthawi yonseyi. Tinadikira kuti ayankhe, koma sanayankhe. Aneba anatola singano yawo, nakulunga ulusi wotsala pa chala, napita kukawauza amuna awo.

Mafupa amene anapezeka pamodzi ndi jeketelo anawayesanso, koma anali opsa kwambiri moti palibe chimene chinadziwika. Adakali komwe amasungidwa. Aneba aamuna anasiya ntchito chifukwa cha mawondo, vani anagulitsa, ndipo masiku ano amakhala pampando wa pawindo la kutsogolo. Zithunzi zimabwerabe mwa apo ndi apo. Mtsikana uja amaimba foni pa nthawi ya zikondwerero, ndipo amalankhula ndi azakhali ake okha. Foniyo ikalira, amuna awo amatenga ndodo n'kukaima panja mpaka awiriwo amalize.